Pompey anagonja bwanji ali ndi asilikali ochuluka chotere, nanga anamupheranji ku Egypt?

Funso la sabata ino lachokera kwa mphunzitsi wa History pa sukulu ina ya sekondale. Iwo akuti: "Ndawerenga kuti pa nkhondo ya ku Pharsalus, Pompey anali ndi asilikali ochuluka kuwirikiza kawiri kuposa a Julius Caesar, koma anagonja, ndipo patangotha milungu yochepa anaphedwa ku Egypt. Zinatheka bwanji kuti munthu wotchuka chotere agwe msanga chonchi? Kodi Caesar ndiye anatuma anthu kukamupha?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri poti ndilo lapafupi. Ayi, Caesar sanatume munthu. Amene anapha Pompey pa 28 September 48 BC ndi nduna za mfumu ya ku Egypt, Ptolemy XIII, ndipo anachita zimenezi mwa nzeru zawo, Caesar asanaponde n'komwe m'dzikolo. Funso loyambalo ndilo lofuna kulikhalira pansi. Maganizo anga ndi akuti Pompey sanagonje chifukwa chosadziwa nkhondo. Nkhondo ankaidziwa, ndipo njira imene anaisankha poyamba inali yolondola. Chinamugwetsa n'chakuti ankatsogolera akuluakulu amene sankamumvera, ndipo iye mwini analibe mtima wopirira kunenedwa.

Ana a sukulu ambiri amamudziwa Pompey ngati munthu uja anagonja kwa Caesar basi, choncho ndi bwino kuwakumbutsa kuti kwa zaka zoposa 20 dzina lalikulu mu Rome linali lake. Anabadwa mu 106 BC. Ali ndi zaka 23 zokha, wopanda udindo uliwonse m'boma, anasonkhanitsa yekha magulu 3 a asilikali otchedwa legion kwawo ku Picenum n'kukathandiza Sulla, mkulu wa asilikali wachiroma, pa nkhondo yapachiweniweni ya nthawi imeneyo. Anamenya nkhondo ku Sicily, ku Africa ndi ku Spain. Mu 70 BC anakhala consul, udindo wapamwamba kwambiri m'boma la Aroma, asanakhalepo pa maudindo aang'ono amene lamulo linkafuna kuti munthu ayambe wadutsamo. Mu 67 BC anapatsidwa ntchito yothana ndi achifwamba a panyanja ya Mediterranean amene ankalanda zombo za tirigu, ndipo anaimaliza m'miyezi 3. Kenako anagonjetsa mfumu Mithridates, n'kukonza malire a maiko a kum'mawa, kuika mafumu ndi kuchotsa ena monga anafunira. Amene amawerenga Baibulo angakonde kudziwa kuti Pompey yemweyu ndiye analanda Jerusalem mu 63 BC n'kulowa m'Malo Opatulikitsa a kachisi, ndipo kuyambira pamenepo Ayuda anakhala pansi pa Aroma monga timawapezera m'Mauthenga Abwino.

Mphamvu zake zinagona pamenepa. Mafumu, mizinda ndi asilikali opuma ntchito ambirimbiri anali ndi ngongole ya chiyamiko kwa iye. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tikafika ku Egypt tiifunanso.

Ndi Caesar sanayambe ngati adani. Cha m'ma 60 BC, Pompey, Caesar ndi Crassus, wandale wina wolemera kwambiri, anagwirizana zothandizana pa ndale, ndipo mu 59 BC Pompey anakwatira Julia, mwana wa Caesar. Anakhala mkamwini wa munthu amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 6, ndipo zolembedwa zakale zimavomerezana kuti Julia ankamukonda zenizeni. Koma Julia anamwalira pobereka mu 54 BC, ndipo chaka chotsatira Crassus anaphedwa ndi asilikali a ku Parthia pa nkhondo ya ku Carrhae. Mu 52 BC, chipwirikiti chitabuka mu Rome, Senate, bwalo la akuluakulu a boma la Aroma, inasankha Pompey kukhala consul yekha wopanda mnzake, ndipo iye anakwatira Cornelia, mwana wa Metellus Scipio, mmodzi mwa adani a Caesar. Maseneta monga Cato, amene kwa zaka zambiri ankamutsutsa Pompey, tsopano anamukokera kumbali yawo. Sikuti anayamba kumukonda. Ankafuna lupanga lake kuti athane nalo ndi Caesar, ndipo ena a iwo sankabisa kuti akathana ndi Caesar adzaonanso za Pompey.

Mkangano weniweni unali wakuti Caesar, atamenya nkhondo ku Gaul (dera limene mbali yaikulu lero ndi France) kuyambira 58 BC, ankafuna kuchoka pa utsogoleri wa asilikali n'kulowa pa udindo wa consul mwachindunji, kuti adani ake asapeze mpata womuzenga milandu. Adaniwo ankati ayambe watula pansi asilikali. Pa 1 December 50 BC, Senate inavota pa ganizo loti onse awiri, Caesar ndi Pompey, atule pansi. Anthu 370 anavomera, 22 okha ndi amene anakana. Apa mukuona kuti ambiri sankafuna nkhondo. Koma kagulu kochepako ndiko kanali ndi mawu, ndipo posakhalitsa consul Marcellus anapita kwa Pompey n'kumupatsa lupanga kuti ateteze dziko. Pompey analandira.

Analandira akudzikhulupirira mopitirira. Chaka chomwecho anadwala kwambiri ku Naples, ndipo atachira mizinda ya ku Italy inachita zikondwerero. Iye anaganiza kuti anthu ovina m'misewu aja adzamumenyeranso nkhondo. Atafunsidwa kuti asilikali adzawatenga kuti, akuti anayankha kuti adzangoponda pansi ndi phazi ndipo asilikali adzatuluka m'nthaka ya Italy. Zoona zake n'zakuti malegion ake 7 anali kutali ku Spain, ndipo 2 amene anali nawo pafupi anali atangochoka kumene m'manja mwa Caesar, moti sakanawadalira. Iye mwini anali atatha zaka zoposa 12 osatsogolera nkhondo, pamene asilikali a Caesar anali atatha zaka 9 akugona m'misasa. Caesar atawoloka mtsinje wa Rubicon, malire a dera limene ankalamulira ndi Italy, mu January 49 BC ndi legion imodzi yokha, mizinda inayamba kumutsegulira zipata umodzi ndi umodzi.

Pompey anachoka mu Rome mwaliwiro moti ngakhale chuma cha boma chinasiyidwa. Ambiri, kuphatikizapo seneta wotchuka Cicero, anakuona ngati kuthawa kwamantha. Ine sindikuona choncho. Ndi asilikali osaphunzitsidwa sakanalimbana ndi Caesar mu Italy. Nyanja inali yake, kum'mawa kunali kwake, choncho nzeru inali yowolokera ku Greece, kusonkhanitsa gulu lalikulu, n'kudzabwerera monga anachitira Sulla. Koma onani zimene zinachitika ku Corfinium. Pompey analembera Domitius Ahenobarbus makalata omupempha kuti abwere ndi asilikali ake adzaphatikizane. Domitius anakana, Caesar anamuzinga, ndipo asilikali onse aja analowa mbali ya Caesar. Pompey sakanamulamula munthu ameneyu, chifukwa mwa lamulo onse anali akuluakulu a boma ofanana, ndipo ankangomupempha. Kumbali ya Caesar wolamula anali mmodzi. Kusiyana kumeneku ndiko kunatsata nkhondo yonse mpaka kumapeto.

Pa 17 March 49 BC Pompey ananyamuka pa doko la Brundisium. Caesar, posowa zombo, anatembenukira ku Spain n'kugonjetsa asilikali a Pompey ku Ilerda chaka chomwecho. Nthawi imeneyo Pompey sanaigone. Anasonkhanitsa malegion 9, ena 2 akubwera ndi Scipio kuchokera ku Syria, zombo mazanamazana, ndi apakavalo ochokera kwa mafumu monga Deiotarus wa ku Galatia. Ngakhale anali ndi zaka zoyandikira 60, ankachita nawo masewera a nkhondo pamodzi ndi anyamata.

Caesar atawoloka nyanja ya Adriatic mu January 48 BC, anakumana ndi Pompey ku Dyrrhachium, mzinda umene lero ndi Durrës ku Albania. Apa ndi pamene mungaonetse ana kuti Pompey anali katswiri. Caesar anamuzinga ndi malinga aatali, koma wozingayo ndi amene anali ndi njala. Zombo zinkabweretsera Pompey chakudya, pamene asilikali a Caesar ankakumba mizu ina n'kuisakaniza ndi mkaka kuti apange mkate. Pompey vuto lake linali msipu wa akavalo ndi madzi. Abale awiri ochokera ku Gaul atathawa kwa Caesar n'kumuululira pamene linga linali losamaliza, Pompey anakantha pomwepo mu July, ndipo asilikali a Caesar anabalalika. Anafa pafupifupi 1,000. Pompey, poopa msampha, sanawathamangitse mpaka kumsasa. Caesar akuti ananena kuti tsiku limenelo adani akanapambana nkhondo yonse akanakhala ndi mtsogoleri wodziwa kumaliza.

Caesar anasamukira ku Thessaly, dera la ku Greece, Pompey akumutsatira. Maganizo a Pompey anali omveka: asamenyane naye maso ndi maso, angomutsekereza chakudya mpaka gulu lake lifooke lokha. Nthawi inali kumbali yake, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mumsasa mwake munadzaza maseneta amene ankaona ngati nkhondo yatha kale ku Dyrrhachium. Domitius, yemwe uja Caesar anamukhululukira ku Corfinium, ankakangana ndi Scipio ndi Lentulus Spinther pa za amene adzatenge udindo wa mkulu wa ansembe umene unali wa Caesar, mwiniwake akadali moyo tsidya la chigwa. Ena ankatuma anthu ku Rome kukawapezera nyumba zabwino pokonzekera chisankho. Maseneta omwewa ankamunyoza Pompey kuti ndi "mfumu ya mafumu", kuti akuchedwetsa dala nkhondo chifukwa akukoma nako kulamula anzake. Favonius ankadandaula kuti chaka chimenecho sadzadya nkhuyu za ku Tusculum. Labienus, amene anali wachiwiri wa Caesar ku Gaul asanamuthawe, ankatsimikizira onse kuti asilikali akale a Caesar anatha, otsalawo ndi anyamata ongolembedwa kumene.

Pamenepa ndi pamene ndimamumvera chisoni Pompey, ndipo ndi pamenenso ndimamuimba mlandu. Moyo wake wonse anazolowera kuyamikiridwa. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali chakuti mabanja akale olemekezeka a mu Rome amulandire ngati mmodzi wa iwo, ndipo tsopano anthu omwewo ankamutcha wamantha ndi wadyera pamaso pa asilikali ake. Mtsogoleri wolimba mtima akanawasiya alankhule kwa mwezi wina umodzi. Iye anagonja kwa iwo asanagonje kwa Caesar, n'kutsitsa asilikali ake m'chigwa cha Pharsalus pa 9 August 48 BC.

Tsono za chiwerengero chimene mwafunsa. Malinga ndi zimene Caesar mwini analemba, Pompey anali ndi oyenda pansi pafupifupi 45,000 ndi apakavalo 7,000, pamene iye anali ndi oyenda pansi 22,000 ndi apakavalo 1,000. Muwauze ana kuti wolembayo ndi wopambana, ndipo wopambana amakonda kukuza mdani. Komabe palibe amatsutsa kuti Pompey anali ndi anthu ambiri. Vuto n'lakuti ambiri anali asanaonepo nkhondo yaikulu, ochokera m'mitundu yosiyanasiyana ndi zilankhulo zosiyanasiyana.

Pompey anaika mbali yamanja ya gulu lake kumtsinje wa Enipeus, n'kuunjika pafupifupi apakavalo onse kumanzere pansi pa Labienus. Cholinga chinali chakuti apakavalowo athamangitse apakavalo ochepa a Caesar, azungulire, akanthe kumbuyo. Oyenda pansi anawalamula kuti aime chilili, adani athamange okha afike atatopa. Caesar anaona zonsezi nkhondo isanayambe. Anatapa magulu ang'onoang'ono 6 kumzere wake wakumbuyo n'kuwabisa kuseri kwa apakavalo ake, ndipo akuti anawauza kuti nthungo asaponye, koma abaye nazo okwera akavalowo kumaso. Asilikali ake akutsogolo, ataona kuti adani sakusuntha, anaima okha pakati pa njira osauzidwa ndi munthu, anapuma, n'kuyambanso kuthamanga. Zimenezi amachita ndi anthu okhawo amene akulira pa nkhondo. Apakavalo a Labienus anakankhadi apakavalo a Caesar, koma anagwera mwadzidzidzi pa mzere wobisika uja, anasokonezeka, n'kuthawira kumapiri. Oponya mivi ndi miyala amene anatsala opanda chitetezo anaphedwa, ndipo magulu 6 aja anazungulira n'kukantha asilikali a Pompey kumbuyo, zomwe zija Pompey ankafuna kuchitira mnzake. Caesar atalowetsa mzere wake wachitatu umene unali usanatope, zonse zinatha.

Chimene chimandivuta kumukhululukira ndi chimene anachita ataona apakavalo akuthawa. Oyenda pansi ake anali akumenyabe, koma iye anachoka n'kukakhala phee muhema wake. Adani atafika pa linga la msasa, anavula zovala za utsogoleri, anakwera kavalo, n'kuthawira ku Larissa, kenako kunyanja kudzera m'chigwa cha Tempe. Munthu ameneyu anali asanalawepo kugonja kotere, ndipo kutamufikira ali ndi zaka 57 analibe poyambira. Caesar analemba kuti adani 15,000 anafa ndipo oposa 24,000 anagwidwa, ngakhale Asinius Pollio, amene analipo kumbali ya Caesar, anati akufa anali 6,000.

Komatu kugonja ku Pharsalus sikunali kutha kwa zonse. Zombo zake zinali zosakhudzidwa. Cato anali ndi asilikali ku Dyrrhachium. Ku Africa, anthu ake anali atagonjetsa kale gulu la Caesar mothandizidwa ndi mfumu Juba ya ku Numidia. Pompey anakwera chombo cha amalonda n'kupita ku Mytilene pa chilumba cha Lesbos kukatenga Cornelia ndi mwana wake Sextus, kenako anatsata gombe la kumwera kwa Asia Minor. Akuti m'njiramo anadziimba mlandu kuti analola kumenya nkhondo kutali ndi zombo zake. Nkhani ya kugonja inkamutsogolera kulikonse. Mzinda wa Antioch unatumiza mawu oti anthu ake asayerekeze kufikako, ndipo ku Rhodes anzake ena anabwezedwa padoko. Ngongole ya chiyamiko ija inayamba kuiwalika tsiku limene zinamveka kuti mwini wake alibenso asilikali.

Pokambirana za kopita, panali Parthia, Africa ndi Egypt. Mlangizi wake Theophanes anamukokera ku Egypt, ndipo pa maso zinali zomveka. Bambo a mfumu ya kumeneko, Ptolemy XII, anabwezeretsedwa pampando mu 55 BC ndi Gabinius, munthu wa Pompey, ndipo asilikali ambiri achiroma amene anatsala m'dzikolo anali anthu ake akale. Dziko linali lolemera, lodzaza ndi tirigu, komanso lapafupi kuchokera ku Cyprus.

Anafika pa nthawi yoipa. Ptolemy XIII anali mnyamata wa zaka pafupifupi 13, ali pa nkhondo ndi mlongo wake Cleopatra, ndipo magulu awiriwo anali atayang'anizana pafupi ndi Pelusium. Olamula enieni anali Pothinus, nduna yaikulu, Achillas, mkulu wa asilikali, ndi Theodotus, mphunzitsi wa mfumu. Tiyeni tione nkhaniyi ndi maso awo, osati kuti tiwalungamitse koma kuti timvetse. Akamulandira, Caesar akhala mdani wawo ndipo Pompey akhala mbuye wawo. Panalinso mantha akuti asilikali achiroma a m'gulu la mfumu akhoza kutsata mtsogoleri wawo wakale, makamaka poti amithenga a Pompey anali atayamba kale kulankhula nawo. Akamubweza, Pompey awasungira mkwiyo ndipo Caesar awadzudzula kuti anamulekerera. Theodotus ndiye anati amuphe, ndipo akuti anawonjeza kuti wakufa saluma.

Tsatanetsatane wa imfayi timamupeza kwambiri kwa Plutarch, amene analemba patadutsa zaka pafupifupi 150, koma mfundo zikuluzikulu zimagwirizana ndi zimene Caesar analemba. M'malo mwa chombo chaufumu, kunabwera kabwato ka asodzi. Munali Achillas, Lucius Septimius, Mroma amene anamenyapo nkhondo pansi pa Pompey nthawi ya achifwamba a panyanja, ndi Mroma wina dzina lake Salvius. Anati madzi ndi osaya, chombo chachikulu sichingafike kumtunda. Anzake a Pompey anaona kuti kalandiridwe kotere si kabwino, koma zombo za mfumu zinali kale pamadzi ndipo asilikali atadzaza gombe. Anatsanzikana ndi Cornelia n'kutsikira m'bwatomo ndi anthu ochepa. M'njira palibe anamulankhula. Iye anayang'ana Septimius n'kumufunsa ngati si msilikali mnzake wakale, ndipo uja anangogwedeza mutu. Pompey anatulutsa mawu amene anakonza m'Chigiriki oti akalankhule kwa mfumu, n'kumawerenga. Atafika kumtunda, akugwira dzanja la Philip, kapolo wake womasulidwa, kuti aimirire, Septimius anamubaya kumsana, enawo n'kutsatira. Anadziphimba kumaso ndi chovala chake, osachonderera. Cornelia ndi Sextus ankaona zonsezi ali m'chombo. Linali tsiku limodzi asanakwanitse zaka 58, patatha milungu 7 chichitikireni nkhondo ya Pharsalus.

Anamudula mutu, thupi n'kulitaya pagombe. Philip analisambitsa ndi madzi a m'nyanja n'kulitentha pa matabwa a bwato lakale. Pambuyo pake phulusa linaperekedwa kwa Cornelia, amene anakaliika kumunda wawo ku Alba. Cicero, amene pa nkhondo yonseyi sanasiye kumudandaula Pompey, analembera mnzake Atticus kuti imfayo sinamudabwitse, poti mafumu ndi mitundu yonse inali itataya kale chikhulupiriro mwa iye, koma kuti sakanatha kusamulira, chifukwa anamudziwa kuti anali munthu wokhulupirika, wodzisunga ndi waulemu wake.

Caesar anafika ku Alexandria patangopita masiku ochepa. Atamubweretsera mutu ndi mphete yodindira ya Pompey, anatembenuka, ndipo akuti analira. Ana adzakufunsani ngati misoziyo inali yeniyeni. Olemba ena akale ankati chinali chinyengo, poti imfayo inamuchotsera mdani wamkulu popanda magazi m'manja mwake. Ine ndimakhulupirira kuti inali yeniyeni. Uyu anali mwamuna wa mwana wake, mnzake wa zaka zambiri. Komanso ndale za Caesar pa nkhondoyi zinali zokhululukira adani poyera, monga anachitira ndi Domitius, Brutus ndi Cicero, ndipo kukhululukira Pompey kukanakhala chipambano choposa zonse. Kuwonjezera apo, Mroma aliyense akanaipidwa kuona munthu amene anakhala consul katatu akuphedwa pa lamulo la nduna za mfumu yachilendo.

Nduna zija sizinapindule kanthu. Caesar sanathokoze n'kubwerera monga zinkayembekezera. Anakhazikika m'nyumba yachifumu, anayamba kuitanitsa ndalama zimene bambo a mfumu anakongola, ndipo anaima kumbali ya Cleopatra. Pothinus anaphedwa pa lamulo la Caesar, Achillas anaphedwa ndi anthu a mbali yake yomwe, ndipo Ptolemy XIII anamira mu Nile mu 47 BC akuthawa nkhondo.

Miyezi imene Caesar anatsekeredwa ku Alexandria inapatsa otsala a Pompey mpata wosonkhana ku Africa. Cato, Scipio, Labienus ndi Juba anamanga gulu lalikulu moti Caesar anavutika nalo asanaligonjetse ku Thapsus mu April 46 BC, ndipo ana a Pompey anakayambitsanso nkhondo ku Spain, kumene Caesar anapambana movutikira kwambiri ku Munda mu March 45 BC. Chimene gulu la ku Africa linasowa ndi mtsogoleri amene onse akanamugonjera, chifukwa Scipio anali ndi dzina la banja koma luso la nkhondo analibe. N'chifukwa chake, aphunzitsi, mukamawerenga zolakwa za Pompey, ine ndimaika kusankha Egypt m'malo mwa Africa pamwamba pafupi ndi Pharsalus penipeni. Ku Africa kunali asilikali, zombo ndi mfumu imene inali itakhetsa kale magazi a anthu a Caesar, moti sikanapindula chilichonse pomupereka.